Dark Harbor pa sitima ya Queen Mary: mafunso ndi mayankho kwa ofuna kukaopsezedwa ndi ndalama zawo zomwe

Chaka chilichonse mwezi wa Sepitembala ukamapita kumapeto, padoko la Long Beach ku California, m'dziko la America, pamayamba kumveka mfuu usiku. Si ngozi ayi. Ndi anthu amene apisa m'thumba, agula tikiti, aima pamzere mpaka miyendo kuwawa, kuti munthu wovala chigoba awadzidzimutse mumdima. Zochitikazi amazitcha Dark Harbor, ndipo malo ake ndi sitima yakale ya pamadzi yotchedwa Queen Mary. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera, ena kuchokera kwa ofuna kukadzionera okha, ena kuchokera kwa anthu oti sangakapondeko ngakhale mutawalipirira, koma makutu ali tcheru.

Kodi Dark Harbor n'chiyani kwenikweni?

Ndi chisangalalo cha nyengo ya Halloween, tsiku la zigoba ndi zoopsezana la pa 31 Okutobala, chimene chimachitika mausiku osankhidwa, kuyambira kumapeto kwa Sepitembala mpaka Halloween itadutsa pang'ono. Pakhomo mukalowa mumapeza bwalo lalikulu la chakudya, zakumwa, nyimbo ndi ochita zisudzo oyendayenda pakati pa anthu. Koma chimene aliyense wadzera ndi ma maze. Maze ndi tinjira tokhotakhota tomangidwa dala, tamdima, timene mumalowa khomo lina n'kukatulukira lina, ndipo pakona iliyonse pamakhala wina wokudikirirani. Ena mwa ma maze amenewa amamangidwa kumtunda pafupi ndi doko. Ena ali m'mimba mwenimweni mwa sitimayo, ndipo awa ndiwo amasiyanitsa malo ano ndi zinzake za mtundu womwewu monga Knott's Scary Farm ku Buena Park kapena Halloween Horror Nights ya ku Universal Studios. Kumeneko makoma akale amachita kupenta kuti aoneke akale. Kuno dzimbiri lake ndi lenileni.

Ndiye kuti sitimayo si yongomanga ngati ya mufilimu?

Ayi ndithu. Queen Mary inamangidwa ndi kampani ya John Brown ku Clydebank, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland. Ntchito inayamba mu Disembala 1930, koma patangotha chaka inaima chifukwa cha mavuto a zachuma amene anagwedeza dziko lonse nthawi imeneyo. Chigoba cha sitimayo chinakhala pamtunda chikuchita dzimbiri, chilibe ndi dzina lomwe, anthu akungochitchula ndi nambala yake, 534. Boma la Britain litabwereketsa ndalama ntchito inayambiranso, sitima inalowa m'madzi pa 26 Sepitembala 1934, ndipo ulendo woyamba wochoka ku Southampton kupita ku New York unayamba pa 27 Meyi 1936.

Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 310. Kuti nambalayi imveke bwino, ganizirani za Ilala ya panyanja ya Malawi, imenenso inamangidwa m'mbali mwa mtsinje womwewo wa Clyde. Ilala ndi yotalika mamita 52. Mutandanditsa ma Ilala asanu ndi imodzi, mutu kumchira, ndiye mwafika pa Queen Mary imodzi. Nthawi ya mtendere inkanyamula okwera oposa 2,000 ndi antchito oposa 1,000, ndipo kuyambira 1938 mpaka 1952 panalibe sitima ya anthu imene inkaiposa liwiro powoloka nyanja ya Atlantic.

Ndege zitayamba kulanda okwera, eni ake, kampani ya Cunard, anaigulitsa kwa mzinda wa Long Beach pa madola 3.45 miliyoni mu 1967, itawoloka Atlantic ka 1,001. Lero ndi hotela komanso malo osungirako mbiri. Ikadali yoyandama pamadzi, yotchingidwa ndi mpanda wa miyala, koma siyendanso. Zambiri za pansi, kuphatikizapo ma boiler otenthetsera madzi, anazichotsa poisandutsa hotela, moti kunatsala zipinda zikuluzikulu zopanda kanthu, zachitsulo, zopanda ndi windo lomwe. Munthu wofuna malo oopsezerapo anzake angapemphenso chiyani?

Nanga nkhani ya mizukwa inachokera kuti?

Apa pali zinthu ziwiri zimene ziyenera kulekanitsidwa: zimene zinachitikadi, ndi zimene anthu amakamba.

Zochitikadi ndi izi. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka, sitimayi anaivula zokongoletsa zonse, n'kuipenta yotuwa, n'kuyamba kunyamula asilikali. Chifukwa cha mtunduwo komanso liwiro limene sitima zankhondo za pansi pa madzi za Germany zinkalephera kulipeza, anaipatsa dzina loti Grey Ghost, kutanthauza mzukwa wotuwa. Mu Julayi 1943 inanyamula anthu 16,683 paulendo umodzi, asilikali akugona mosinthana chifukwa mabedi sanakwane. Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, anaikwera kangapo popita kumisonkhano ya nkhondo.

Pa 2 Okutobala 1942, pafupi ndi gombe la Ireland, Queen Mary inagunda sitima yaing'ono yankhondo yotchedwa HMS Curacoa, imene inabwera kudzaiperekeza, n'kuidula pakati. Lamulo linali loti sitima yonyamula asilikali isaime zivute zitani, poopa kuti adani angaiphulitse. Ndiye inangopitirira ulendo, amuna akumira kumbuyo kwake. Anafa oposa 300. Nkhaniyi inabisidwa mpaka nkhondo itatha. Kwa ine, palibe chigoba chilichonse cha mu Dark Harbor chimene chimandiimitsa tsitsi ngati kuima kutsogolo kwa sitimayi masana n'kukumbukira kuti chitsulo chimenechi ndicho chinachita zimenezo.

Palinso imfa ya mnyamata wazaka 18, wogwira ntchito kuchipinda cha injini, amene anapanidwa ndi chitseko chachitsulo chotchinga madzi mu 1966. Chitsekocho n'cha nambala 13, ndipo alendo amachiona mpaka lero.

Zokamba anthu ndiye zilipo zodzaza nkhokwe. Ena amati amamva kugogoda kutsogolo kwa sitima, ati ndi amuna a Curacoa. Ena amati kamtsikana kamaseka kudziwe losambiramo la okwera olemera, ngakhale kuti dziwelo ndi louma. Palinso mayi wovala zoyera wovina yekha m'holo. Chotchuka kuposa zonse ndi chipinda chogona cha B340, chimene chinakhala chotseka kwa zaka zambiri n'kudzatsegulidwanso mu 2018 kuti olimba mtima azilipira kugonamo. Magazini ya Time inaikapo sitimayi pamndandanda wa malo khumi otchuka ndi mizukwa mu 2008. Ine ndimangoti, sitima yachitsulo yayitali chonchi, yokhala pamadzi okwera n'kutsika, siingakhale chete usiku. Ndiponso mbiri ya mizukwa imagulitsa matikiti. Zotsalazo mudzaweruze nokha.

Mkati mwa maze mumakhala zotani?

Amakulowetsani m'timagulu, ochepa nthawi imodzi. Chitseko chikangotsekeka kumbuyo kwanu, phokoso la pabwalo limazima, n'kutsala kulira kwa makina ndi nyimbo yapansipansi imene imamveka m'chifuwa osati m'makutu. Choyamba kukulonjerani ndi fungo: chinyezi, mafuta akale a injini, utoto, ndi utsi wotsekemera wa makina opangira chifunga. Njira ndi yopapatiza, denga lili pafupi, mapaipi akudutsa pamwamba pamutu. M'sitima zitseko zambiri zili ndi chitsulo chotukuka pansi pake, choti madzi asadutse, ndipo amene sakweza phazi amapunthwa.

Kenako mumafika malo a mdima wa ndiweyani, oti dzanja lanu lomwe simuliona. Mumayenda mukupapasa khoma, wakumbuyo atakugwirani malaya. Kutsogolo kumaoneka kuwala pang'ono, ndipo pakona paima chidole chovala diresi long'ambika, mutu utapendeka. Mumachiyang'anitsitsa, n'kudziuza kuti ndi chidole basi. Mwadutsa atatu chili zii. Wachinayi akamadutsa, chidole chija chimatembenuza mutu. Pamenepo ndi pamene bambo wandevu zake, amene pamzere amalankhula zamphamvu, amakuwa mawu oti mkazi wake sanawamvepo chikwatirane.

Luso lawo lagona pokusocheretsani maso. Amaika chinthu chowala kumanja kuti muyang'ane kumeneko, woopseza n'kutulukira kumanzere. Amadziwanso kuti wotsogola amakhala atakonzeka, ndiye nthawi zambiri amadikira wapakati kapena womaliza. Musamati ndikabisala pakati pa anzanga. Kumeneko ndiye kunjira kwake.

Maze imodzi imatenga mphindi zochepa chabe, koma mumatuluka thukuta kamukamu, mtima uli thi thi thi, ndipo chodabwitsa n'choti pafupifupi aliyense amatuluka akuseka chikhakhali.

Kodi ochita zisudzowo amakugwira?

Lamulo la malo ngati ano n'loti iwo sakugwirani, inunso musawagwire. Amafika pafupi kwambiri, mpaka mpweya wawo kuumva pakhosi, ndipo m'malo opanikiza kukhudzana mwangozi kumachitika. Koma womenya kapena kukankha wochita zisudzo amatulutsidwa ndi achitetezo, ndalama osabwezedwa. Ngati mukudzidziwa kuti mukadzidzimuka chibakera chimathamanga chokha, pisani manja m'matumba.

Ovala zigobawo amaimira ndani?

Dark Harbor ili ndi anthu ake opeka amene akhala akubwerera chaka ndi chaka, ndipo okonda malowa amawadziwa ngati achibale. Pali kaputeni wa sitima, mwini zonse. Pali Scary Mary, kamtsikana kofunafuna woti azisewera nako, kamene nkhani yake inatengedwa ku mphekesera za dziwe losambiramo lija, ndipo maze yake imatchedwa Lullaby. Pali wophika wa mu maze ya Feast, amene ndiwo zake simungafune kuzifunsa kumene zachokera. Samuel the Savage anamangidwa pa nthano za chipinda cha B340. Graceful Gale ndi mayi wovina uja. Half Hatch Henry anamupeka kuchokera pa ngozi ya chitseko cha nambala 13, ndipo apa ndiye pamandiwawa pang'ono, chifukwa mnyamata uja anali mwana wa munthu, osati nthano. Mayina ndi chiwerengero cha ma maze zimasintha chaka ndi chaka, choncho muone ndandanda ya chaka chimene mukupitacho.

Pabwalo palinso gulu lina lotchedwa ma slider. Awa amavala zotchinga zolimba m'maondo ndi zitsulo kuzala, amathamanga liwiro la mtondo wadooka, n'kudziponya pansi, n'kutsetsereka pasimenti mpaka pamapazi anu, moto uli thethethe kuchokera kuzitsulozo. Ambiri amene amagwetsa chakudya amachigwetsera awa, osati a m'ma maze, chifukwa pabwalo munthu amakhala atamasuka poganiza kuti zoopsa zatsala mkati.

Kodi izi si zausatana? Munthu wopemphera angapiteko?

Funso ili silisowa, ndipo si loseketsa. Halloween imachitika pa 31 Okutobala. Dzinalo linachokera ku mawu akale a Chingerezi otanthauza madzulo otsogolera tsiku la Oyera Mtima Onse, limene Akatolika ndi mipingo ina amakumbukira pa 1 Novembala. Miyambo yake ina imalumikizidwa ndi Samhain, chikondwerero chakale cha anthu a ku Ireland ndi Scotland chotsekera nyengo yokolola, pamene ankakhulupirira kuti akufa amayandikira amoyo. Anthu a ku Ireland osamukira ku America m'zaka za m'ma 1800 ndiwo anapita nayo kumeneko, ndipo maungu osemedwa nkhope amene amaoneka pa Halloween analowa m'malo mwa ma turnip, mizu yodyedwa yozungulira, amene ankasema kwawo.

Ku America komweko Akhristu sagwirizana pankhaniyi. Mipingo ina imaletseratu, ina imakonza zisangalalo zakezake za ana usiku womwewo, ena amangoiona ngati tsiku la maswiti. Chimene ndinganene motsimikiza n'chakuti mu Dark Harbor mulibe mwambo wachipembedzo, mulibe nsembe, mulibe kuitana mizimu kumene mlendo amakakamizidwa. Ndi bizinesi ya zisudzo. Ovala zigoba ndi aganyu a nyengo imeneyi, ambiri achinyamata, amene amapakidwa utoto madzulo n'kukausukusula pakati pa usiku. Ena amafuna kuyerekeza ndi Gule Wamkulu chifukwa cha zigoba, koma kuyerekezako n'kolakwika. Gule ali ndi dambwe lake, malamulo ake ndi tanthauzo lake pamaliro ndi pachinamwali. Izi zilibe chinsinsi china koma khomo lakumbuyo kumene ochita zisudzo amakamwera madzi.

Komabe muli zithunzi za magazi, mitembo yabodza ndi ziwanda zopeka. Ngati chikumbumtima chanu sichikulola, musadzikakamize chifukwa cha anzanu. Sitimayo mukhoza kuiona masana popanda zonsezi.

Ndingapite ndi ana?

Ang'onoang'ono ayi. Okonza amachenjeza okha kuti zochitikazi si za ana aang'ono, ndipo ochita zisudzo sasankha msinkhu pogwira ntchito yawo. Mwana wa kusekondale amene amakonda mafilimu oopsa akhoza kusangalala kuposa inu. Wa pulayimale mudzamunyamula paphewa usiku wonse, kenako mudzagona naye mwezi wathunthu nyali ili chiyakire.

Ndani winanso amene ayenera kuganiza kawiri?

Odwala mtima kapena BP yokwera, amayi oyembekezera, a mphumu chifukwa cha utsi uja, ndi a khunyu chifukwa cha magetsi ophethiraphethira mwachangu, amene amatha kuyambitsa kukomoka. Amene amabanika m'malo opanikiza adziwe kuti ma maze a m'sitima ndi othina, otentha, ndipo ali ndi masitepe ambiri otsetsereka. Oyenda panjinga ya olumala kapena ndi ndodo afunsiretu kuti ndi ma maze ati amene angalowe, popeza sitima yomangidwa m'ma 1930 sinawaganizire. Mantha akakukulirani muli mkati, uzani wogwira ntchito aliyense amene mwamuona, akutulutsirani khomo lapadera. Palibe amene adzakusekeni kupatula anzanu.

Ndivale chiyani, ndinyamule chiyani?

Nsapato zotseka, zafulati, zoti mukhoza kuthamanga nazo. Zagogoda ndi masilipasi zisiyeni kunyumba. Pansi pachitsulo ponyowa ndi chifunga pamaterera, ndipo wothawa kumbuyo kwanu sayang'ana pamene akuponda. Masana a Okutobala ku Long Beach amatentha, koma usiku mphepo ya kunyanja imalowa m'mafupa mukaima pamzere, pamene m'mimba mwa sitima muli ng'anjo. Juzi yopepuka yoti mukhoza kumanga m'chiuno ndiyo yankho.

Alendo kawirikawiri saloledwa kuvala zigoba, kuti asasokonezeke ndi ochita zisudzo. Pakhomo pali chipikisheni, ndiye chikwama chachikulu chingokuchedwetsani. Foni muike m'thumba lotseka. Kuwalitsa tochi kapena kujambula mkati mwa maze kumawonongera ena, ndipo foni yogwera mumdima umenewo mwina mudzaionanso mawa lake, ngati mwayi ulipo. Ofuna kumwa mowa akumbukire kuti ku America msinkhu wake ndi zaka 21, ndipo amafunsa chiphaso ngakhale kwa munthu waimvi. Mlendo wochokera kunja anyamule pasipoti.

Matikiti ndi mizere zimayenda bwanji?

Gulani pa intaneti tsiku lisanafike. Mtengo umasiyana ndi usiku wake: kumayambiriro kwa nyengo ndi mkati mwa sabata kumatsika, Lachisanu ndi Loweruka oyandikira Halloween kumakwera, ndipo masiku amenewo matikiti amatha. Pali tikiti wamba ndi ina yodula yokulolani kudutsa pamzere wachangu. Maganizo anga ndi awa: ngati mukupita Loweruka la kumapeto kwa Okutobala, yodulayo si kuwononga, chifukwa popanda iyo nthawi yambiri mudzaithera kuyang'ana msana wa munthu. Ngati mungathe kupita Lachinayi kapena Lamlungu koyambirira kwa mwezi, tikiti wamba ikukwanirani.

Fikani pakhomo asanatsegule, ndipo yambani ndi ma maze a m'sitima. Anthu ambiri amangolowa pamzere woyamba umene auona, kapena amayamba ndi chakudya. Idyani mukamaliza. Mimba yodzaza ndi kudzidzimuka sizimwerana madzi.

Kumafikidwa bwanji?

Sitimayo ili pa 1126 Queens Highway, tsidya lina la madzi kuyang'anizana ndi pakati pa mzinda wa Long Beach. Bwalo la ndege la Long Beach ndilo lapafupi, koma ochokera kunja ambiri amatera pa LAX ku Los Angeles. Sitima yapamtunda ya Metro A Line imadutsa pakati pa Los Angeles n'kukathera pakati pa Long Beach, ndipo kuchokera pamenepo mpofunika galimoto ya ulendo waufupi. Malo oimika galimoto ndi olipira, ndipo potuluka pakati pa usiku pamakhala mpanipani. Chizindikiro choti mwafika ndi machumuni atatu ofiira a mitu yakuda, ndi chinyumba chachikulu choyera chozungulira chimene chili pambali pake. Mmenemo munkasungidwa ndege yamatabwa ya mpondamatiki Howard Hughes yotchedwa Spruce Goose mpaka 1992, ndipo lero ndi pokwerera sitima zapaulendo za kampani ya Carnival.

Ndinamva kuti zinatha. Zinayambiranso liti?

Munamva zoona, koma nkhani yapita patsogolo. Dark Harbor inayamba mu 2010 n'kuchitika chaka chilichonse mpaka 2019. Mu 2020 mliri wa Covid unatseketsa sitima yonse. Chaka chotsatira kampani imene inkaiyendetsa inagwa, ndipo mzinda wa Long Beach unatenganso udindo, n'kupeza kuti pofunika kukonza n'pambiri. Mwa zina, anatsitsa mabwato opulumukira amene ankalendewera m'mbali, chifukwa kulemera kwake kunkawononga sitima. Mu 2022 ndi 2023 pamalopo panachitika chisangalalo china cha Halloween chotchedwa Shaqtoberfest, cha katswiri wa basketball Shaquille O'Neal. Sitima inatsegulidwanso kwa alendo mu 2023, ndipo Dark Harbor inabwerera mu 2024, tsopano m'manja mwa kampani ya Thirteenth Floor Entertainment Group.

Kodi n'zotheka kugona m'sitimamo usiku womwewo?

N'zotheka, ndipo ndi njira yabwino yopewera mpanipani wa magalimoto uja. Zipinda za hotela ndi zomwe zija ankagonamo okwera olemera, makoma ake a matabwa osalala, mawindo ake ozungulira, ndipo m'mabafa ena mukadali mipopi yakale yolembedwa madzi amchere ndi madzi abwino. Koma makoma ake amadutsa mawu, ndipo m'nyengo ya Dark Harbor phokoso la kunja silitha msanga. Wofuna tulo tabwino anyamule zotseka m'makutu. Zipinda zimatha msanga mu Okutobala.

Mukadzuka m'mawa, musathamangire kuchoka. Tsikirani kuchipinda cha injini chimene chinatsala, mukaone chitseko cha nambala 13 magetsi akuyaka, popanda wina wobisala kuseri kwake. Pafupi pomwepo pali kachipinda komangidwa kunja kwa sitima, kumene mumasuzumira pansi n'kuona chimodzi mwa zipalasiro zinayi zimene zinkaiyendetsa, chili phee m'madzi obiriwira. Ambiri amene anaseka usiku wonse m'ma maze amafika apa n'kugwiritsa chitsulo cha m'mbali.

Kodi sitimayi ili ndi ubale uliwonse ndi Halloween, kapena anangoisankha chifukwa ndi yakale?

Anaisankha chifukwa cha zipinda zake zamdima ndi mbiri ya mizukwa ija. Koma pali kanthu kena kongochitika mwamwayi. Paulendo wake womaliza, Queen Mary inali yaikulu moti sikanakwana mu ngalande ya Panama, choncho inazungulira kunsonga kwa South America, ku Cape Horn, n'kufika ku Long Beach pa 9 Disembala 1967. Tsiku limene inanyamuka ku Southampton, anthu ali m'mbali mwa doko akuibayibitsa komaliza, linali 31 Okutobala.